Chambo Kuseri kwa Mabatire

Matipate atangoyamba, ndinkayang'anira makina olumikiza matelefoni ku Chipoka. M'dera lonse lotentha lija, chipinda chozizira chinali cha makinawo basi. Nditaona chambo cha mkazi wanga chikuwola asanagulitse, ndinayamba kumachisunga mmenemo, kuseri kwa mabatire.

Vuto linali alamu. Chitseko chikangotseguka, belu linkalira ku Lilongwe, ndipo abwana athu, a Nkhoma, ankaimba kufunsa kuti walowa ndani. Nditatopa ndi mabodza, ndinangozula kawaya kake.

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, mafoni onse anangoti zii. Inali nthawi ya kampeni, ndipo pamsika anthu anayamba kunong'ona kuti wina watumidwa ndi chipani kuti awadule. Ine mumtima ndinati ndi kawaya kanga kaja. Ndinadziona kale ndili kumbuyo kwa galimoto ya apolisi. Ndinakataya beseni lonse la chambo kutchire, n'kukolopa pansi ndi malaya anga omwe.

A Nkhoma atafika anapeza kuti yapsa ndi fyuzi chabe. Koma pa pepala limene makinawo ankalembapo zochitika zonse, anaona kuti alamu ya chitseko inasiya kalekale kulira. Anaimirira, nanunkhiza.

"Achimwene, muno mukununkha chiyani?"

"Ndi mphepo ya kunyanja, bwana," ndinatero, mamba a nsomba ali waliwali pamkono.

Anagwada okha, nalumikiza kawaya kaja. Potuluka anati, "Mphepoyo muiuze kuti izigogoda kaye."

Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti ndinayankha mwaulemu, manja ali kumbuyo, "Ndiiuza, bwana."