Ndege ya amalume inali isanaterepo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinayamba kukhala kwa amalume a Zuze ku Ndirande. Madzi osefukira anali atakokolola nyumba yathu ku Nsanje, ndiye amayi ananditumiza kwa mlongo wawoyo kuti sukulu isaime. Pondikweza basi ananditsina khutu n'kunena kuti, "Kumeneko pakamwa uzitseka. Za Lukasi unamva." Nanga ndani kumudzi sanamve za Lukasi? Anali mbale wanga, mwana wa amayi aang'ono, ndipo anakhalako kwa amalume omwewa ine ndisanapite. Nkhani inali yakuti tsiku lina anawayankha pamaso pa alendo, kutacha anapezeka ali pa depoti ndi chikwama chake. Ine changa chinali chabuluu. Nditafika ndinachikankhira pansi pa bedi, koma panalibe tsiku limene ndinaiwala kuti chili pomwepo.

Amalume anali dalaivala wa minibasi yoyenda pakati pa Ndirande ndi m'tauni. Anali munthu wamtali, wa mawu ochepa, woti akangolowa pakhomo wailesi tinkatsitsa tokha osauzidwa. Koma panali kanthu kamodzi kamene kankawasandutsa mwana, gemu yomanga ndege pa foni. Unkasankha mapiko, injini, matayala ndi matanki a mafuta, n'kulumikiza chidutswa ndi chinzake mpaka ndege ioneke, kenako n'kuiulutsa pa foni pomwepo. Iwo ankasewera pa siteji podikira kuti minibasi idzaze. Ndi iwo amene anandionetsa, Lamlungu lina magetsi atazima, n'kundiikira gemuyo pa foni yakale ya akazi awo, anti Agi, yosweka galasi pakona.

Panali gulu pa intaneti la anthu omanga ndege zimenezi, ambiri a mu Blantyre momwe muno: madalaivala anzawo a amalume, ana asukulu, wina wokonza mafoni ku Chilomoni. Ukamanga ndege unkaiika pagulupo kuti anzako aitsitsire m'mafoni mwawo, aiulutse, anenepo maganizo awo. Lamulo linali limodzi, ndipo mkulu wa gululo, yemwe tinkangomudziwa kuti Kaputeni, sankaseka nalo. Ukaika ndege yako, unkayenera kuulutsa ya munthu amene waika yake iwe usanaike, kuyambira ponyamuka mpaka potera, n'kulemba chabwino ndi cholakwika chimene waona. Likafika Loweruka usanalembe, ankachotsa ndege yako, iwenso n'kukutulutsa.

Yanga yoyamba inali kandege ka injini imodzi, kopindika phiko ngati nkhuku yogwidwa ndi chitopa. Ndinakaika Lachiwiri lina nditaweruka kusukulu, mtima uli m'mwamba kuti anthu andiseka. Kenako ndinakweza maso kuti ndione amene waika ndege ine ndisanaike. Mayo ine! Anali amalume.

Ndege yawo ndinkaidziwa, anaimanga kwa miyezi. Inali yaikulu, ya injini ziwiri, mipando ili ndandanda mkati, yoyera ndi mzere wofiira m'mbali ngati minibasi yawo. Anthu anali atayamba kale kuithira ndemanga, ngakhale amene sinali ntchito yawo. Wina analemba kuti, "Moto!" Wina, "Bwana Zuze mwaiphula." Winanso anati iyi ndiye ndege, zinazi ndi makaiti. Pa chakudya tsiku limenelo amalume anamwetulira, chinthu chosowa, n'kutiuza kuti Lamlungu akachoka ku Misa aitumiza ku gulu lalikulu la dziko lonse kuti akunja nawo aone zimene a ku Ndirande amatha.

Mawa lake masana ndinakhala kuseri kwa nyumba, pa mwala wochapirapo, n'kuitsitsa ndegeyo. Inanyamuka bwino zedi, kunena zoona. Inakwera mosanjenjemera, n'kukhota mofewa, ine mpaka ndinapuma kuti basi, ndapulumuka, ndilemba zabwino zokhazokha, cholakwika ndingotchula utoto. Ndiye ndinaibweza kuti itere. Nditangochepetsa liwiro, mchira unayamba kumira, mphuno n'kuloza kumwamba. Ndege inaima m'malere ngati ikuganiza, kenako inagwa chamchira, phwa! Galasi lonse linadzaza moto.

Ndinati mwina ndine wosadziwa. Ndinayambiranso, n'kuyambiranso, mpaka foni inatentha m'manja, koma magwedwe ake anali omwewo. Nditaitsekula mkati ndinaona vuto. Matanki onse a mafuta ndi malo a katundu anali kumchira kwenikweni. Amalume anapakira ndege ngati minibasi, anthu kutsogolo, matumba ku buti. Ndipo ndinazindikiranso chifukwa chimene sanazionere. Pa siteji munthu sumaliza ulendo wa pa foni. Ndege ikangonyamuka minibasi yadzaza, kondakitala wamenya chitseko, foni yalowa m'thumba. Miyezi yonseyo ndege yawo inali isanaterepo.

Apa ndiye ndinagwira njakata. Ndikalemba kuti "Moto!" ngati anzanga, Lamlungu akunja akanawaseka amalume m'Chingerezi, ine ndikudziwa. Ndikangokhala chete, Kaputeni akananditulutsa, ndipo amalume akanafunsa chifukwa chimene ndakanira kuulutsa ndege yawo. Ndikalemba zoona, ndiye kuti mwana wosungidwa wauza mwini nyumba pagulu kuti walakwitsa. Lukasi anangoyankha pamaso pa alendo ochepa. Ine ndikanayankha pamaso pa siteji yonse.

Masiku amenewo sindinkamva chilichonse m'kalasi. Aphunzitsi akulemba pa bolodi, ine ndikuona basi ya ku Nsanje ikutsika mapiri a ku Chikwawa, ndili pa windo ndi chikwama pamiyendo. Ndinkaganiza za nkhope ya amayi pondiona ndikutulukira. Kumudzi sukulu yathu inali idakali yodzaza anthu othawa madzi, kubwerera kunali kusiya sukulu basi.

Lachinayi ndinapeza anti akukazinga mandasi ogulitsa, utsi uli tolo m'kakhitchini. Ndinakhala pakhomo n'kufunsa ngati zocheza kuti kodi munthu wamkulu akalakwitsa amauzidwa bwanji.

"Walakwitsa ndani?" anafunsa osatembenuka.

Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola. "Iii, za tindege tanu tomwe tija? Ndiye mpaka wawonda nazo? Tamvera, Yohane, wamkulu sauzidwa, amafunsidwa. Uwafunse ngati sukudziwa, aona okha."

Ndinayesa tsiku lomwelo, amalume atasamba m'manja. Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Amalume, kodi ndege yaikulu ngati yanu ija imatera bwanji?"

"Umangochepetsa moto, ngati ukufika pa hampu," anatero. "Idya."

Basi, nzeru za anti zinathera pomwepo. Lachisanu ndinayesanso kutsekula pakamwa, koma anafika atakwiya ndi apolisi a pamsewu, ndipo ine ndinangozisiya. Pakadafunda padajiwitsa galu, Loweruka linandipeza ndisanalembe kanthu.

Ndinalemba chakumasana, nditakhala pa mwala womwe uja. Ndinafufuta kambirimbiri. Mawu amene ndinatumiza ndimawakumbukirabe: "Zikomo amalume. Ndege yanu ikunyamuka bwino kuposa zonse zimene ndaulutsapo, ndipo ikukhota mosavuta. Koma potera ikugwa chamchira. Ndikuona ngati matanki ali kumbuyo kwambiri. Mwina ndine sindikudziwa. Pepani."

Sipanapite nthawi, wina anayankha: "Kkkk, mwana wawaphulitsa a Zuze!" Winanso, amene ndikukhulupirira kuti anali pa siteji pomwepo, analemba kuti, "Ndege ya ku buti." Kenako anthu anayamba kuiyesa, aliyense n'kubwera ndi chithunzi cha moto. Anali omwe aja ankaitama. Amalume sanalembe kanthu, koma foni inkaonetsa kuti awerenga.

Anti anandituma kukatunga madzi ku kiyosiki. Pamzere ndinaima ngati mtengo, mayi wina mpaka anandikankha kuti ndisunthe. Pobwerera, nditangokhota pa mpanda wathu, ndinaona chikwama changa chabuluu chili pa chingwe, chochapidwa, chikudontha madzi. Ndinatula ndowa theka la madzi litatayikira m'miyendo. Sindinafunse, chifukwa ndinkaopa yankho.

Amalume anabwera dzuwa lisanalowe. Sanandiyang'ane. Anadya, n'kukalowa kuchipinda. Kutacha tinapita ku Misa tonse, iwo patsogolo, ine m'mbuyo. Za ulaliki wa tsiku limenelo musandifunse. Ndinagwada nthawi yogwada, ndinaima nthawi yoima, koma pemphero langa linali limodzi, lakuti andilole ndimalize kaye teremu.

Titabwerera anavula jekete, n'kukhala pakhonde. "Yohane, bwera ndi foni."

Ndinabwera n'kunjuta chapatali. Anandikodola kuti ndisendere.

"Tera nayo ndione."

Ndinainyamutsa, n'kuizungulitsa, n'kuibweza. Mchira unamira, mphuno inadzuka, phwa! Anandilanda foniyo n'kuyesa okha, lilime lili pakona pa mlomo monga ankachitira poimika minibasi pothina. Inagwa chimodzimodzi. Anaiyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali.

"Ndiye anthu onse aja ankati moto, ankanena moto umenewu?" Sindinadziwe ngati ndiseke, ndiye sindinaseke. Kenako anafunsa kuti, "Unaziona liti zimenezi?"

"Lachitatu, amalume."

"Lachitatu. Masiku onsewa tikudyera mbale imodzi, iwe uli duu, n'kukandiuzira pa foni, ndili pakati pa makondakitala. Dzulo pa siteji ndinasanduka chidole. Bwanji sunandiuze pakhomo pano?"

"Ndimaopa."

"Kuopa chiyani?"

Maso anga anangopita okha ku chingwe kumene chikwama chinali chidakali lende. Amalume anatsatira maso angawo, n'kuitana anti kuwafunsa chimene achapira chikwama cha mwana.

"Chimanunkha nkhungu pansi pa bedi paja," anti anayankhira m'khitchini. "Mphemvu zinachita kumangamo mudzi."

Amalume anayang'ana chikwama, anayang'ana ine, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona nkhope yawo ikugwa. Sunali mkwiyo. Anali ngati munthu amene wamva uthenga woipa wa m'nyumba mwake kuchokera kwa anthu odutsa.

"Ndiye kuyambira tsiku unabwera ukukhala ngati munthu wodikira basi?" anatero motsitsa. "Lukasi sanapite chifukwa choyankha. Anapita chifukwa cha bodza, ankavala yunifolomu n'kumakathera ku mavidiyo. Kumudzi anakuuzani theka." Anapukuta galasi la foni ndi chala. "Kondakitala amene wamva tayala likulira n'kukhala chete poopa ine, ameneyo akufuna kundipha. Walemba zoona, ndipo mwa onse aja ndiwe wekha amene unafika nayo potera. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo amatsina ali pafupi. Ukaona cholakwika, uzindiuza pamaso. Muno sindiwe mlendo."

Ndinalira, musandiseke, mnyamata wa sekondale ndinalira ngati khanda, mamina ali chuchuchu. Amalume sankadziwa chochita ndi munthu wolira, ndiye anangondipatsa foni n'kunena kuti, "Tasuntha matankiwo tione." Tinawasunthira pansi pa mapiko, iwo akuloza, ine ndikukoka. Itatera bwinobwino, matayala ali gwa pansi, anamenya ntchafu yawo n'kufuula mpaka nkhuku za aneba zinabalalika. Asanaitumize kwa akunja analemba pagulu lathu kuti aliyense amene anati moto asanatere nayo akawapeze pa siteji. Chikwama chija anawapatsa anti kuti azinyamuliramo ufa wa mandasi, ndipo chinathera kumsika.

Lero ndikaganiza za sabata imeneyo ndimaona kuti kutama chinthu n'kosavuta ngati sunayende nacho mpaka pothera. Ndimaonanso kuti mantha samangotseka munthu pakamwa, nthawi zina amamuchititsa kunena zoona ataima patali, pamene zimapweteka kwambiri. Ine ndinkayesa kuti ulemu ndi kukhala chete. Amalume, amene ndinkawaopa chotere, ankafuna munthu wowauza.

Chaka chatha maso awo anayamba kuchita chifunga. Pa siteji aliyense ankawauza kuti madala mukuyendetsabe bwino, ndipo anti ankangodandaulira ine pa foni. Sindinalembe uthenga. Ndinakwera minibasi yawo kuchokera m'tauni, ndinakhala kutsogolo, n'kuona mmene anaphonyera wanjinga pang'onong'ono pafupi ndi msika. Titafika kunyumba ndinakhala nawo pakhonde lomwe lija. Ndinawauza kuti nthawi yosiya chiwongolero yakwana.

Anandiyang'ana ndi maso otuwawo. "Wamva kwa anthu, kapena waona wekha?"

"Ndakwera nanu mpaka potsikira, amalume."

Anapisa m'thumba n'kundipatsa makiyi.