A Whyson ndi Galimoto Yofiira ya Cheelo

Alongo anga a Whyson ndi munthu wabwino, koma nsanje ikawagwira sauzidwa kanthu. Ndikunena ine Rhoda, mlongo wawo wamng'ono wa bere limodzi, amene ndamanga maliboni pa galimoto yawo ya maukwati zaka zoposa makumi awiri. Choncho musati ndi miseche.

Bambo athu anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji, ife tinabadwira konkuno ku komboni ya Malota. A Whyson anayamba ndi ukondakitala wa minibasi, kenako anakhala dalaivala pa hotela ina kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Hotelayo itagulitsa magalimoto ake akale, iwo anatenga Cressida yoyera, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka linali lawo. Ankavala suti yakuda ndi magolovesi oyera, ngakhale mu Okutobala pamene phula limanyeta pamsewu. Mkwatibwi ankakhala kumbuyo ndi mayi womuperekeza, iwo kutsogolo khosi lili njo, akuyendetsa pang'onopang'ono kuti tauni yonse ione. Akazi ambiri a ku Malota amene lero ali ndi zidzukulu anapita kutchalitchi pa mpando umenewo.

Koma panali ulendo umodzi umene ankaudikira kuposa ina yonse. Akazi awo anamwalira mwana wawo Comfort ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anamulera okha. Mtsikanayo akamathandiza kupukuta magalasi, ankamuuza kuti, "Siku yako, nizakupeleka ine. Osati munthu wina." Comfort ankaseka, koma iwo sankanena zoseka.

Mavuto anabwera ndi Cheelo, mwana wa aneba athu a Mudenda. A Whyson ndi amene anamuphunzitsa kuyendetsa, mu Cressida yomweyo, pabwalo la mpira. Atakula anayamba ntchito yoperekeza alendo pa mabwato a mphira m'mafunde a Zambezi kumunsi kwa mathithi, ndipo zinamuyendera. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi anabwera ndi foni m'manja.

"Ba Whyson, nifuna kuitanisa motoka ku Japan," anatero Cheelo. "Nithandizeniko kusankha, imwe ndimwe muziba."

Ine ndinali pakhonde kusenda mtedza, ndiye ndinaona zonse. Pafoni panali magalimoto atatu. Ina yotuwa ya zitseko zinayi, ina yakuda yaitali miyendo, ndi ina yofiira, yogwada pansi ngati kamba, ya mipando iwiri yokha, denga lake lopindika kumbuyo. A Whyson anakulitsa chithunzi cha yofiirayo ndi zala. Anayang'ana injini, anayang'ana matayala, anafunsa kuti ili ndi magiya angati. Atamva kuti asanu ndi limodzi, anameza malovu moti ndinamva ndili pakhonde. Kenako analoza yotuwa.

"Gula iyi," anatero. "Iyo ya red ni chidole. Bamai bako bazankhala kuti, pa boneti?"

Cheelo anaseka. "Koma bamudala, chala chanu chili pa grey, menso yali pa red."

Anagula yofiira. Inafika patapita miyezi itatu, ndipo Malota yense anatuluka. Ikalira injini, agalu ankathawira kuseri kwa zimbudzi, atsikana a ku saluni ankasiya mitu ya anthu ili theka. A Whyson anati phokosolo likuwadwalitsa mutu, munthu amene anakhala zaka akukuwa pa khomo la minibasi. Chimene chinkawasangalatsa n'chimodzi: mahampu a pamsewu wa kumsika. Galimotoyo inali yotsika kwambiri moti Cheelo ankawoloka chammbali, mimba ikukhula pansi. A Whyson ankaima pamenepo dala, manja kumbuyo, nkhope ikuwala ngati alandira uthenga wabwino.

Posakhalitsa akwatibwi anayamba kufuna yofiira. Amati zithunzi zimakongola denga likakhala lotsegula. Loweruka loyamba Cressida inagona pansi pa mtengo wa mango. Lachiwiri inagonanso. Kenako anthu anayamba kuiitana kuti inyamule azakhali ndi mapoto. Ndivomere tchimo langa: nanenso ndinakamanga maliboni pa yofiirayo, chifukwa ntchito ndi ntchito. Alongo anga sanandilankhule sabata yathunthu, moni ankaperekera kwa Comfort.

Mmawa wina ndinawapeza pabwalo la a Mudenda atagwada, akusuzumira pansi pa galimotoyo, kenako akusisita chiwongolero kudzera pawindo. Atandiona anadzuka msanga n'kunena kuti akufunafuna nkhuku. Ife sitiweta nkhuku. Ndinawamvera chisoni kwambiri tsiku limenelo, chifukwa ndinazindikira kuti sankadana ndi galimotoyo. Ankaifuna mpaka kuwawa mumtima, ndipo chinkawapweteka n'chakuti inabwera m'manja mwa mwana amene iwo anamuphunzitsa kuponda kilachi.

Chaka chomwecho Comfort anapeza mwamuna, mphunzitsi wina dzina lake Malambo. Tsiku la ukwati litayandikira, anabwera kwa ine akupotokola chitenje.

"Ba anti, nifuna kuyenda na motoka ya Cheelo," anatero. "Muwauzeko badadi, ine niyopa."

Ndinakawauza. Anangoti, "Achite vamene afuna." Koma sabata imeneyo anachapa Cressida kawiri, anasokesa nsalu zatsopano za mipando, anapukuta mpaka mabawuti a matayala. Mumtima ankati mwanayo asintha maganizo. Chimene ine ndi iwo sitinkadziwa n'chakuti Comfort ndi Cheelo anali atapangana kale zawo.

Mmawa wa ukwati magalimoto onse awiri anaima pageti, onse ndi maliboni anga. A Namukolo, mayi woperekeza mkwatibwi, anali akudandaula kuti chiyambire sanaone mkwatibwi akupita kutchalitchi wopanda wamkulu pambali. Aneba anadzaza msewu. Comfort anatuluka atagwira diresi kuti lisakhudze fumbi, ndipo Cheelo anapita kwa a Whyson, anawerama pang'ono, n'kuwapatsa makiyi ndi manja awiri.

"Ba Whyson, motoka ni iyi," anatero. "Mwana ni wanu. Mupelekeni ndimwe."

Ndinaona nkhope ya alongo anga ikutseguka ngati ya mwana. Dzanja la golovesi linatuluka m'thumba. Kenako anayang'ana anthu, anthu omwewo amene miyezi yonseyi anawamva akunyoza galimotoyo pamsika, ndipo dzanjalo linaima m'malere.

"Ah, iyayi," anatero mokweza. "Ine siniyendesa vidole."

Ife amene tinaleredwa kale tikudziwa kuti wamkulu ukamupatsa chinthu amayamba wakana. Umamupemphanso, umamugwira dzanja, anthu n'kumati tengani, tengani, ndiye amalandira ulemu wake uli wonse. Ine ndinayenera kukuwa kuti tengani, koma keke ya ukwati inali m'manja, maganizo onse ali pa iyo. Cheelo ndi mwana wa masiku ano, amagwira ntchito ndi alendo amene akati ayi ndiye kuti ayi. Anadikira pang'ono, anayang'ana Comfort, anayang'ana nthawi pafoni, chifukwa abusa anali atatumiza kale uthenga.

"Chabwino, bamudala," anatero mwaulemu, n'kubweza makiyi m'thumba.

Comfort anayang'ana bambo ake misozi ili lengelenge. Anapinda diresi, analowa, Cheelo anatseka chitseko, ndipo ananyamuka anthu akululutira.

Ife tinatsatira pa Cressida, ine kutsogolo ndi keke pamiyendo, a Namukolo kumbuyo. A Whyson sanaimbe hutala ngakhale kamodzi. Maso awo anali pa nsalu yakumutu ya mwana wawo ikuuluka patsogolo pathu, ikucheperachepera. Ndinali nditakwiya moti ndikanatha kuwamenya ndi kekeyo, koma nditawayang'ana ndinaona akupukuta m'maso ndi golovesi.

"Rhoda," anatero motsitsa, osanditembenukira. "Sembe anipemphako futi kamozi chabe. Nikanatenga."

Titafika patchalitchi tinapeza Comfort atatsika kale, azimayi akumukonza diresi pakhomo.