Timaanyezi ta Kudenga

Lelo ndasenda anyezi wa kumsika, ndipo fungo lake landibweza ku Luembe, m'zaka za Chitaganya, atate ali ku migodi osatumiza mau.

Tinali alendo kumeneko, ochokela ku Katete. Dimba linali lobweleka, ndipo mwini wake anati likakhala lopanda mbeu alipatsa mphwake. Amai anafesa njele za anyezi n'kuphimba ndi udzu. Kenaka mlongo wanga wamng'ono anadwala malungo, udzu uja n'kukhalitsa. Pamene tinauchotsa, mbande zinali zoyela ngati ulusi, ndipo dzuwa linazipseleza tsiku lomwelo. Amai anagwada nafukula ndi zala. Panalibe yamoyo.

Kudenga la khichini kunali timaanyezi takuda ndi mwaye, tomwe tinkakoleletsela chibwabwa, ndiwo za masamba a dzungu. Amai anatsitsa tonse.

"Amai, nanga tidyela chiyani?" ndinafunsa.

"Wamasiye wa ku Zalefati, wa m'Baibulo uja, anali ndi kaufa kodzaza dzanja chabe, koma sikanathe," anatelo. "Tenga chithini, ukatunge madzi."

Mwini dimba anatipeza tikubzala.

"Amai, otelewo amangothamangila maluwa, mutu sakula. Mukukwilila ndiwo za ana."

"Bambo, munati likakhala lopanda mbeu. Mbeu nayi, ili m'nthaka."

Bamboyo anaima n'kumationelela, khasu lili paphewa. Amai anakankhila kaanyezi kotsiliza m'dothi ndi chala chachikulu, milomo ikugwedela ndi pemphelo, ndipo ine ndinathila madzi pang'onopang'ono.