Chizungu cha kumsana kwa achemwali

Salaam aleikum nonse.

Ndangofika kumene kuchokera ku Kachulu kokaona achemwali anga, Abiti Saidi. Mukudziwa mmene mutu wawo ulili masiku ano. Lero sanandizindikire n'komwe, anachita kundifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Tili pakhonde, mdzukulu wawo Amina ankalimbana ndi homuweki ya Chizungu, ya manauni ndi mapulonauni. Mwadzidzidzi achemwali anayamba kuyimba, "I, you, he, she, it," mpaka kumapeto osaphonya. Munthu woti sanapondepo m'kalasi!

Ine misozi mbwembwembwe. Zaka za m'ma 1950, bambo anandilola ine kupita kusukulu ya mishoni, koma iwo anawakaniza, ati mwana wamkazi akamusiyitsa Chisilamu kumeneko. Dzinja likafika, dambo la pakati pa mudzi wathu ndi sukulu linkasefukira. Achemwali ankandibereka, sileti yanga atasenza pamutu, ine ndikuloweza phunzirolo mokuwa m'khutu mwawo. Tikaoloka ankanditsitsa, n'kubwerera kukawokera mpunga.

Ine ndinadzakhala mphunzitsi mpaka kupuma. Zaka zonsezi sindinawafunseko ngati nawonso ankalakalaka kulowa m'kalasimo.

Atamaliza kuyimba anandiyang'anitsitsa, nati, "Gwiritsa bwino iwe, lero madzi achuluka."

Ndiye ana inu, zija mumanena zowatengera kutauni kuti azikasungidwa ndi wantchito, ine ndakana. Ndikufuna ndisamukire kwawoko ndikawasamale ndekha. Mukuti bwanji? Anandibereka madzinja anayi athunthu, tsono msana wanga nawo ugwireko ntchito.