Kope Lofiira la Amalume

Amalume anga ndi ometa tsitsi. Atasiya mowa analemba kabuku ka moyo wawo, n'kuika makope pashelefu pafupi ndi galasi kuti odikira aziwerenga.

M'kabukumo akuti anagulitsa njinga yamoto chifukwa cha mowa, ndiponso analimbana ndi apolisi anayi. Akazi awo, omwe ndi aphunzitsi, anaseka: "Bambo, njinga yamoto iti? Inu ngakhale yakapalasa simuitha!" Anatenga cholembera chofiira n'kukonza kope limodzi ngati mayeso. Pa njinga analemba kuti "simbi yanga yositira". Pa apolisi analemba kuti "munalira pakhomo, ana akuona".

Amalume ananyinyirika: "Nkhani yopanda mchere awerenga ndani?" Komabe kopelo analisiya pashelefu pomwepo.

Tsiku lina dalaivala wina, akununkha mowa m'mawamawa, analiwerenga mpaka kuiwala zometa. "Za njingazi ndaseka," anatero motsitsa mawu. "Koma simbiyi, akulu, inenso ndinagulitsa ya mkazi wanga."

Amalume anazimitsa makina n'kumukokera mpando.

Makope oyera aja akadali pashelefu, fumbi lokhalokha. Lofiira lija lachita kung'ambika ndi kubwerekedwa.