Abambo Atakhala Phungu wa Fumbi

Kabokosi kaja kanali kakuda, kukula kwake ngati sopo wochapira, ndipo kankalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Ankakamangirira pa lamba, kapaipi kake n'kukwera kumsana mpaka pa kolala, pafupi ndi pakamwa.

Inali nyengo yosankha fodya, zipani zambiri zitangoyamba kumene. Tinkakhala pa esiteti ina kwa Mlonyeni, ine ndili kamtsikana kongoyamba sukulu. M'chigafa, momwe akuluakulu ankasankhira fodya, ukangolowa unkayetsemula mpaka misozi. Abambo ankaweruka nsidze zili zofiirira.

Tsiku lina kunabwera anamwino ochokera ku boma ndi alendo awiri. Anati akufuna kudziwa kuchuluka kwa fumbi limene anthu amapuma pa ntchito, chifukwa zina zolowa m'chifuwa zimadzabweretsa khansa munthu atakula. Kuyeza aliyense m'dziko muno sakanatha, choncho ankasankha ochepa kuti aimire anzawo onse. M'chigafa mwathu anasankha abambo kuti avale kabokosi koyezera fumbi kaja.

Mawu akuti kuimirawo ndi amene anasokoneza zinthu. Amalume, omwe ankadinda mabelo, anayamba kuwaitana kuti Olemekezeka a Phungu. Ankawavulira chipewa n'kumawapempha mlatho ndi mjigo. Abambo ankanamizira kukwiya, koma m'mawa mwake anavala jekete la kutchalitchi. Amayi anati katundu wa alendo sabwezedwa ali wakuda, ndiye anang'amba kansalu koyera n'kumanga kukamwa kwa kapaipi kaja. Tsiku lonse abambo anagwirira ntchito pakhomo pa chigafa, podutsa mphepo. Ife ana tinkawazungulira kudikira nyimbo, poti mnzanga wina analumbira kuti anaonapo wailesi yotere ku Chipata.

Madzulo anamwino atatsegula, kapepala kozungulira kogwira fumbi ka m'katimo kanali mbee. Anayang'ana jekete, anayang'ana kansalu, kenako anaseka mpaka kukhala pansi.

"Bambo, mukatipatsa koyera chonchi, ife tikanena kuti anzanu onse amapuma mpweya wabwino. Ndiye mwawaimira kapena mwawagulitsa?"

Amalume anati asadandaule, aphungu onse amatero akangosankhidwa. Chigafa chonse chinafa nacho chiseko, kupatula abambo.

Kutacha abambo anavala malaya awo ong'ambika paphewa, n'kukakhala pakati penipeni, pomwe masamba ouma ankaphwanyika fumbi lili kobo. Kansalu ka amayi anakasiya pamphasa. Madzulo kapepala kanatuluka kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Anamwino anakalandira ndi manja awiri, n'kukatsekera bwinobwino ngati chinthu cha mtengo wapatali. Amalume anavulanso chipewa, koma ulendo uno sanapemphe mlatho.

Kumene kapepalako kanakafika sindikudziwa, sukulu sindinapite nayo patali. Koma bambo a mwana wanga nawonso amasankha fodya, ndipo ine amene sinditha kuyankhula pagulu, pa nkhani ya kansalu ka pamphuno ndimauma mutu. Sachoka pakhomo opanda kansaluko, olo adandaule kuti anzawo amawaseka.

Tsiku la kapepala kofiirira lija ine ndinalira. Ndinkaona ngati abambo atichititsa manyazi pamaso pa alendo, moti ndinakoka chitenje cha amayi kuti tikapemphe kapepalako tikakachape. Sindinkadziwa kuti iko kanameza fumbilo tsiku limodzi lokha, pamene abambo anayamba kulimeza ine ndisanabadwe, ndipo chifuwa sichipita kumjigo.