Mbuzi za Kuseri kwa Galaja

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kutchalitchi. Ndinali Fomu 3, tili pa holide ya Pasaka, chaka cha chisankho. Lamulungu lina kunabwera bambo wina amene ankafuna uphungu wa dera lathu kuno ku Mulanje. Anali asanawine kalikonse, koma anali atalamula kale kuti anthu aziwatchula kuti Onolebo. Anaimirira kutsogolo, nalonjeza malata a tchalitchi, napukuta m'maso ndi mpango potchula malemu mayi awo, amene akuti ankakonda nyimbo imene tinali titangoimba. Titatuluka, akazi awo, amene aliyense ankawatchula kuti Madamu, anandikodola. Anati andimva ndikuwerenga Malemba mosadodoma, ndipo akufuna mtsikana waukhondo woti azithandiza kukhitchini nthawi ya kampeni. Anawonjezera, bambo anga akumva, kuti ndikagwira bwino a Onolebo adzandilipirira sukulu mpaka ndidzakhale namwino. Bambo ankathyola tiyi ku esiteti ndipo teremu iliyonse fizi inkatisowetsa mtendere, choncho ndinavomera Madamu asanamalize n'kulankhula komwe.

A Onolebo ankakhala m'nyumba yakale ya mzungu wina wa esiteti, m'mphepete mwa minda ya tiyi. Khitchini inali payokha kuseri, ndipo ife antchito tinkalowera khomo lakumbuyo. Wondiyang'anira anali a Namakhwa, khukhi wachikulire amene anayamba ntchito m'nyumba yomweyo mzunguyo akadalipo. Tsiku loyamba anandionetsa kabelu ka mkuwa patebulo lodyera. Kakalira kamodzi ndiye kuti bweretsani, kakalira kawiri chotsani. Ndinafunsa ngati a Onolebo alibe pakamwa. A Namakhwa anangoti, "Mzungu anapita, mwanawe, koma belu analisiya."

M'mawa ndinkayamba ndi kukoleza mbaula, kenako moto wa pamafuwa panja, pophikira mapoto akuluakulu a anthu a kampeni. Mpunga ndinkaupeta palichero, kuusankha timiyala, n'kuutsuka m'beseni mpaka madzi ayere. Anyezi ndi tomato tinkadulira pathabwa lake, nyama pa lina. Ziwaya zinali ziwiri: chachikulu cha tchipisi ndi mbuzi, ndi china chakuda cha nkhumba imene anyamata a chipani ankaikonda. A Namakhwa sankalola kuti ziwayazo zikhudzane n'komwe. Za patebulo anandiphunzitsanso ndi iwo: foloko kumanzere, mpeni kumanja, woperekera asalankhule. Madamu ankafuna ndizivala magolovesi oyera. Iwowo akakhala okha masana ankadya kalongonda ndi manja pakhonde la khitchini, koma galimoto ikangomveka pageti ankathamangira foloko.

Kuchapa zovala za a Onolebo inalinso ntchito yanga, ndipo chipembedzo chawo ndinachidziwira pamenepo. Lachinayi ndinkasita mkanjo woyera ndi kuchapa mzuli, poti Lachisanu ankakaima pakhomo pa mzikiti n'kumauza anthu kuti agogo awo aamuna anali Myao wophunzira kumadarasa. Lachisanu ndinkasita suti yotuwa ya kwa a Sabata, kumene ankakana ngakhale tiyi, chonsecho nyumba yawo ili pakati pa tiyi. Loweruka ndinkasita yakuda, ya kutchalitchi kwathu. Pamisonkhano ya chikhalidwe ankakoloweka nsalu paphewa, napereka moni m'Chilomwe chimene bambo anga ankati ngakhale mbuzi ya ku Milanje, ku Mozambiki, singachimve. Akafika kunyumba zonsezo ankaziponya pansi kubafa, naitanitsa mowa wa m'botolo ndi nkhumba yootcha.

Kusukulu tinali titangophunzira za amalonda amene anabweretsa Chisilamu, za amishoni, ndi za atsamunda amene anatenga minda yabwino n'kubzalamo tiyi. Aphunzitsi ankati zonsezi zinabwera ndi alendo ndipo zinatigawanitsa. Pamayeso ndinkalemba zomwezo, koma kwathu ndinkaona zina. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo. Anabwera kuno kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo woyamba kuwapatsa pogona anali Che Amidu, Msilamu wogulitsa nsomba zouma, amene nyumba yawo mpaka lero yayang'anizana ndi yathu. Chiyambire pamenepo, kwathu sikuphedwa nkhuku kapena mbuzi popanda kuwaitana. Pa Khirisimasi, paukwati, pamaliro, bambo amanola mpeni n'kutuma mwana kuti akawaitane. Che Amidu amaimwetsa madzi mbuziyo, kuigoneka moloza kumene amayang'ana akamaswali, kutchula dzina la Mulungu, n'kudula kamodzi, magazi n'kutsikira m'kadzenje. Akatero aliyense amadya, palibe wotsalira. Midzi yonse yozungulira imachita chimodzimodzi. Mzungu sanatiphunzitse zimenezi. Anazipeza okha anthu amene ankafuna kudyera pamodzi.

Tsiku lovuta linafika sabata yomaliza ya holide. A Onolebo anaitana atsogoleri a zipembedzo zonse za m'deralo ku chakudya cha masana: mashehe, abusa, akulu a mipingo. Ankati ndi phwando la umodzi, ndipo anaitaniratu wojambula zithunzi. Tinamanga tenti pakapinga, kunja kuli kamvula ka chiperoni. Mbuzi zinali zomangidwa kuseri kwa galaja, kudikira Msilamu wa kumsika amene nthawi zonse ankabwera kudzazinga.

Munthuyo anachedwa. Madamu anayang'ana wotchi, nati alendo olemekezeka sangadikire munthu mmodzi ndi mpeni wake. Anaitana Jemusi, mkulu wa anyamata a chipani, amene anali atalawira kale kachasu. Ine ndinali pampopi ndikutsuka mpunga ndipo ndinaona zonse. Mbuzi ina anaimenya ndi chitsulo m'mutu, inzake anaicheka ndi chikwanje chobuntha uku akutukwana, anzake akuseka. A Namakhwa atadandaula, Madamu anawayankha kuti nyama ndi nyama, ikalowa mumphika siulula amene waipha. Itachuluka kuposa chiwaya chachikulu, analamula kuti yotsalayo ipite m'chiwaya chakuda chija, cha nkhumba. Msilamu wa kumsika atafika panjinga yake, anamubwezera pageti.

Kenako Madamu anachita china choposa pamenepo. Analowa m'nyumba, natenga mzuli wina wa a Onolebo, womwe ndinauchapa ndekha, namuveka Jemusi. Anamuuza kuti aime pafupi ndi zikopa, mpeni uli m'manja, kuti alendo akamadutsa amuone. Atachoka apo anabwera kwa ine.

"Iwe uyenda ndi madzi osamba m'manja. Wina akafunsa, unene kuti wazinga ndi Msilamu. Ndipo uzikumbukira amene akulipirire Fomu 4."

Ndinayang'ana a Namakhwa. Anali atazolika, akutakasa mpunga umene sunkafunika kutakasa. Ndisanatuluke anandinong'oneza kuti nandolo amene ndinaphikira ife antchito ndimuike m'mbale yabwino, ndikamusiye kumapeto kwa tebulo.

Alendo anakhazikidwa monga mmene nyumbayo inazolowerera. Abusa a masuti ndi shehe mmodzi wa ku boma anakhala patebulo lapamwamba, pamene panali nsalu yoyera, mafoloko ndi kabelu kaja. Ena onse anakhala pamabenchi. A Onolebo anavala suti, mzuli uli kumutu, Baibulo lili pambali pa mbale, kuti aliyense apezepo pake. Anatsegula ndi pemphero la Chingerezi, nalitsiriza ndi mawu a Chiarabu amene ndinawamva akuwaloweza kubafa m'mawa.

Ine ndinayamba kuyenda ndi jagi ndi beseni, kugwada pa mlendo aliyense. Pabenchi lina ndinapeza Che Amidu, ali ndi anzawo a kumzikiti wa kwathu. Anamwetulira atandiona, nafunsa mmene bambo adzukira, kenako anatsitsa mawu, madzi akutsikira m'manja mwawo.

"Elube mwanangu, mnyamata wa mzuli uja sindinamuonepo kumzikiti kulikonse. Koma iwe uli kukhitchini. Ukanena kuti zili bwino ine ndidya, anzangawanso adya."

Madamu anali ataima pamzati wa tenti akundiyang'ana. Ndinaganiza za Fomu 4, za diresi yoyera ya anamwino amene ndinkawaona ku mishoni, za zala za bambo zong'aluka ndi tiyi. Ndinaganizanso kuti munthu uyu sanakafunse a Onolebo kapena shehe wa patebulo lapamwamba. Wafunsa mwana wa khomo loyang'anizana ndi lake, amene anamuona akukwawa. Ndinawauza motsitsa kuti sanazinge Msilamu, kuti nyama ina yalowa m'chiwaya cha nkhumba, ndi kuti nandolo wa kumapeto kwa tebulo ndaphika ndine mumphika wakewake.

Che Amidu sanasinthe nkhope. Anakutumula madzi m'manja, nati zikomo, napendamira kwa mnzawo. Nkhaniyo inayenda pabenchipo msanga kuposa ine ndi beseni langa. Inawolokera kwa a Sabata, amenenso nkhumba sayandikira. Inakwera mpaka patebulo lapamwamba, pomwe shehe wa ku boma anabweza foloko yake pansalu. Palibe anakuwa, palibe ananyamuka. Mbale za nyama zinkangodutsa m'manja, kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, n'kukafika kumapeto zili zodzaza. Nandolo wa antchito anatha nthawi yomweyo, otsalawo anadya mpunga ndi kabichi. Ngakhale abusa athu, amene panalibe chowaletsa, atamva anakankhira nyama yawo pambali.

A Onolebo sanaone kanthu. Anali pakati pa kulankhula, akunena kuti iwo ndi mwana wa zipembedzo zonse, kuti m'nyumba mwawo Msilamu ndi Mkhristu amadyera mbale imodzi. Wojambula ankajambula. Atamaliza ndi pamene anaona nyamayo. Analiza belu kamodzi, nalizanso kawiri, osadziwa ngati akufuna tibweretse kapena tichotse. Mmodzi wa mashehe anaimirira, nathokoza mwaulemu chifukwa cha mpunga, nati unapsa bwino kwambiri. Potuluka alendo anadutsa pa Jemusi, amene anali atagona chokhala pazikopa, mzuli uli m'matope.

Madamu sanadikire kuti tenti igwetsedwe. Anandiitanira kukhitchini, nandivula magolovesi ndi manja awo.

"Ndiwe Mkhristu wanji iwe, wogulitsa anthu a mpingo wako kwa Asilamu? Sukulu akakulipirire mashehe akowo."

Ndinafuna kuwafunsa kuti Lachisanu amuna awo amakhala a mpingo uti, koma ndinaleredwa ndi anthu aulemu. A Namakhwa anandiperekeza mpaka pampanda, nabwerera kukatsuka ziwaya zawo. Ndinatulukira khomo lakumbuyo lomwe ndinalowera.

Kunyumba ndinalira kwambiri, ndipo chimene ndinkalirira chinali sukulu. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anangofunsa ngati ndadya. Teremu yotsatira ndinailowa mochedwa, nditagulitsa nthochi ndi mapeyala pamsewu wa ku Muloza. A Onolebo anawina ndithu. Nkhope yawo imaoneka pansalu zimene amayi amaberekera ana, ndipo malata a tchalitchi chathu akuti akadali panjira.

Ine mayeso a Fomu 4 ndikulemba chaka chino, ndipo diresi yoyera ija sindinaisiye. Chimene ndinatola m'khitchini ya Madamu n'chakuti mlendo saona zimene zachitika kuseri kwa galaja. Amangoyang'ana nkhope ya amene wamubweretsera mbale. Namwino nayenso amapatsa anthu zinthu zoti ameze osadziwa kumene zachokera, ndipo ndikufuna kuti akadzaona nkhope yanga adzameze mtima uli m'malo.

Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho bambo ananola mpeni, natuma ine kuti ndikaitane Che Amidu. Anabwera, nayesa mpeniwo ndi chala, nawauza bambo kuti ndi wobuntha ngati ulaliki wawo wa masana. Bambo anayankha kuti munthu wodzutsa mudzi wonse mbandakucha asanene za ulaliki wa anzake. Onse anaseka, kenako Che Amidu anazinga nkhuku zathu, natsala kuti adye nafe pamphasa. Ndinaphika ndine, ndipo mbale yawo ndinawapatsira ndine. Anasamba m'manja, natchula dzina la Mulungu, nayamba kudya osafunsa kanthu.